Vinyo Wonunkha Palafini

Lachinayi, 24 Malichi 1983

Za Mgonelo wa Isitala, pa 3 Epulo:
Olembedwa m'buku kuti adzadya: 184
Tizikho m'kabati: 200, tong'aluka 3, tabwino 197
Botolo limodzi lidzaza tizikho 46, kuthila mpaka pa mzele
Mabotolo ofunika: 4
Vinyo amene tinali naye m'mawa muno: 0
Wafika lelo: mabotolo 12. Ofiila 5, oyela 7.
5 x 46 = 230. Kuchotsapo 184, totsala 46.

Chiyambile Juni wa chaka chatha vinyo wa Mgonelo sapezeka. Ku Petauke kulibe, ku Chipata kulibe, anapita kumene kunapita sopo ndi mafuta ophikila a saladi. Pa Khilisimasi tinamwetsa anthu madzi ofiila a masamba a lumanda, othila shuga. Zaka 19 ndakonza gome la Ambuye mu mpingo uno wa Nyimba, koma tsiku limenelo ndinatsuka tizikho nditawelamitsa mutu.

Mjelemani uja wokumba zitsime ku Sandwe ndi kwa Mwape wabwelela kwao. Anamva vuto lathu kwa abusa, nasiya bokosi ku Petauke kuti tikatenge. Akulu ampingo anatuma alamu anga a Whiteson, mng'ono wa malemu amuna anga a Josiah, popeza ndiwo osamalila tchalitchi. Makiyi ali ndi iwo, nyali ndi palafini zili ndi iwo, ndipo amakhala m'kanyumba ka mpingo. Anapita Lolemba. Akanabwela Lachiwili. Afika lelo 10 koloko pa lole ya chimanga, bokosi pamiyendo, ati basi inafela pa Minga ndipo anagona masiku awili pakhonde la sitolo atatsamila bokosilo.

Masiku awili. Pa Minga pali nyumba zinayi zophika kachasu, zimene ndikuzidziwa ine. A Whiteson analeka mowa zaka 11 ndi miyezi 4 yapitayo. Sindikunena kanthu, ndangolemba.

Mabotolo oyela ndi aatali, owonda ngati khosi la kakowa. Zolemba zonse m'Chijelemani, ndatolapo zaka zokha: 1976 pa oyela, 1979 pa ofiila. Munthu kupatsa Mulungu chinthu chogonela zaka zisanu ndi ziwili!

Lachisanu, 25 Malichi

Zonyansa.

A Eustace Daka, wapampando wa akulu ampingo, anati tilawe tisanapatse anthu. Tinali atatu m'kachipinda ka kuseli kwa tchalitchi: iwo, mlembi a Febian Sakala, ndi ine. Chotsegulila tinalibe. A Daka anatenga botolo lofiila, nang'amba ndi mano kachipewa ka mtovu ka pakamwa pake, nakhomela chitsekelo m'kati ndi msomali ndi mwala.

Tinathila mu kapu yoyela. Vinyo wa Mgonelo timamdziwa tonse: wakuda bii, wolemela, wozuna, womata pamilomo mpaka nyimbo yomaliza. Uyu ayi. Wofiila mombuwilila ngati madzi otsukila nyama ya mbuzi. Duwa lojambula pansi pa kapu ndinaliona lonse, masamba ake 6.

Ndinalawa kachikho kamodzi. Wowawasa ngati nthudza zosapsa, wopyapyala, wopanda shuga ngakhale wa umboni. Lilime linauma ngati ndatafuna khungwa la mtengo. Kumbuyo kwake kafungo ka masamba owola ndi bowa wa m'thengo. Ndinalavula katatu.

Ndinanena mosabisa, ndinati, "Muno athilamo madzi. Theka ndi theka, mwina kuposa."

A Daka anangotsegula loyela mwa njila yomweyo. A Sakala atangoika mphuno anabwelela m'mbuyo. "Palafini!" Ndinanunkhiza inenso. Palafini weniweni, wa mu nyali, ngati wina wafinyilamo ndimu. Ndinalawa dontho. Mano kuyayamila.

A Daka anati, "Kodi palafini wa mpingo amasunga ndani?" Kenako ine ndinafotokoza mmene ziyenela kuti zinayendela: munthu wamwa, wadzazilamo madzi, ndipo potungila wagwilitsa ntchito botolo limene munali palafini. A Sakala analemba mawu anga m'buku.

A Daka anakhuthula botolo lofiila pansi pa mtengo wa mango. Ndinapulumutsako tizikho 3 m'kabotolo ka mankhwala kuti ukhale umboni. Anaitana a Whiteson, nawalanda makiyi, nandipatsa ine. Ndinawelenga pamaso pao monga mwa nthawi zonse: 5. Mlandu udzakambidwa Loweluka pa 2 Epulo abusa akabwela. Akapezeka olakwa, adulidwa pa Mgonelo ndipo atuluka m'kanyumba ka mpingo.

A Whiteson anangoti, "Alamu, mwanena ndinu?"
Ndinati, "Ndine."

Ofiila otsala 4. 4 x 46 = 184. Odya popanda W. ndi 183. Kotsala 1.

Loweluka, 26 Malichi

Ndatsuka m'kamwa ndi mchele kanayi. Fungo likadali m'mphuno. Ngakhale tiyi akununkha nyali.

Lamulungu, 27 Malichi

M'tchalitchi anthu 231. W. anakhala pa benchi la kumbuyo, la anthu a chilango, asanauzidwe ndi munthu. Belu analiza a Sakala, analiza ka 14 m'malo mwa 12.

Potuluka, akazi a W., a Keziah, anandiimika pakhomo penipeni, anthu akupita uku ndi uku.

"Aphunzitsi, lelo mwawelenga chiyani? Mwawelenga mbale zanga? Bwelani mudzawelenge ndi adzukulu amasiye atatu aja, mudziwe oti mudzawasunge tikatulutsidwa."

Ndinati pano si pa msika. Anati, "Pa msika pali bwino, wonama timamuona pakamwa." Azimai awili anaseka. Ndawadziwa.

W. anabwela kudzawachotsa. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anaimilila chipewa m'manja, nati, "Alamu, zaka makumi awili munandiona ndikumwa. Munanditola m'ngalande inu ndi akulu anga. Munaonapo botolo limene ndinalisiya theka? Neo nisiya lini, ine sindisiya. Ndikanalitsegula pa Minga paja, mukanalandila bokosi lokha, mwinanso bokosilo ndikanagulitsa."

Ndinati zimenezo akanene Loweluka.

Koma zandivuta masana onse. Ndi zoona. Masiku a mowa aja, W. anali kutembenuza botolo ndi kuligogoda kumatako kuti dontho lomaliza ligwe. Kuthila madzi ndi nzelu za munthu woba pang'onopang'ono, wamantha. Iwo mantha analibe, nzelu analibenso.

Lolemba, 28 Malichi

Popeza makiyi ali ndi ine, ndinakayeza palafini wa mpingo. Pa 19 Malichi ndinaviika kamtengo kanga m'chigubu, panali masentimita 18. Lelo 18. Ndaviika katatu. Paulendo W. sananyamule palafini, ndipo pa Minga palafini sanaoneke chiyambile Januwale, anthu akuyatsa mphila.

Ndinatenga botolo loyela lotsegula lija ndi kuchita zimene ndinali kuphunzitsa atsikana a Giledi 7.
1. Papepala la m'kope, dontho la palafini kumanzele, dontho la vinyo kumanja. Padzuwa mphindi 20. Kumanzele banga la mafuta loonekela kuseli. Kumanja gwa, pouma, palibe kanthu.
2. M'mbale ya madzi. Palafini anayandama ndi mitundu yake ija ya utawaleza. Vinyo anangosowa m'madzimo.
3. Pa kansanza, ndi machesi. Ka palafini kanayaka. Ka vinyo kanazimitsa machesi awili.

Mulibe palafini. Koma akununkha palafini. Ndanunkhizanso, ndafuna kusanza.

Ndinaika mabotolo 10 otseka pa thebulo, pafupi ndi zenela. Tizipewa ta mtovu tonse tosalala, topanda khwinya ngakhale limodzi. Ndinayeza ndi lula, kuchokela pakamwa mpaka pamene pafika vinyo: ofiila onse 4 chimodzimodzi, oyela onse 6 chimodzimodzi. Munthu woledzela pakhonde la sitolo angavule mtovu ndi kuuvekanso chotele ndi chiyani?

Tinene kuti anakhudza awili okha, lofiila limodzi ndi loyela limodzi, ndipo a Daka anangogwila omwewo mwangozi. Lofiila: 1 mwa 5. Loyela: 1 mwa 7. 5 x 7 = 35. Kamodzi mwa 35. Mwana wa sukulu atandipatsa yankho lotele ndingamuuze kuti akhale pansi.

Mailo ndipita ku Petauke. Lombe, amene ndinamphunzitsa mu 1961, anakwatiwa ndi a Chibwe, mlangizi wa zaulimi, Mbemba amene anakhala zaka ziwili ku Jelemani pa maphunzilo. Ngati pali wodziwa zonyansa za kumeneko, ndi iyeyo.

Lachiwili, 29 Malichi

Basi maola 3 ndi mphindi 10. Kadi ya Chipani ndaonetsa kawili. M'chikwama botolo loyela lotseka limodzi, lokulunga m'chitenje, ndi kabotolo ka mankhwala.

A Chibwe anali pakhonde, nandiitana mwa Chibemba chao, mayo, ndiye kuti amai. "Mayo! Mbewa zatha ku Nyimba kuti mufike kuno?"
Ndinati, "Ndamva kuti apusi akusowa ku Luangwa, ndabwela kudzaona amene akuwatha."
Anaseka mpaka kutsokomola. Abemba sasintha: iwo amatiseka za kudya mbewa, ife timawaseka za kudya apusi.

Nditavundukula chitenje, kuseka kunatha. Munthu wamkulu, wa tayi, anaimilila nalandila botolo ndi manja awili ngati khanda. Anawelenga zolembazo mokweza, malilime okhaokha. Ndinayamba kufotokoza mlandu koma anati ndidikile. Analimiza mu mtsuko wa madzi, nakutila mtsukowo ndi saka lonyowa pamthunzi, ati vinyo woyela ukamumwa wotentha wamlakwila. Ola lathunthu. Lombe anandipatsa tiyi wopanda shuga, napepesa kasanu.

Anabweletsa kachitsulo kopotana ngati mchila wa nkhumba. Ndinayang'ana kaye mtovu ndekha, wathunthu. Anaudula ndi mpeni, napotela kachitsulo, nakoka. Chitsekelo chinatuluka chonse, chachitali masentimita 4 ndi theka, chotupa kumunsi, chaka cholembedwa m'mbali mwake. Anati, "Bwezelanimo, mayo." Ndinayesa katatu. Sichilowa.

Anathila mu tambula. Ndinaika mphuno. Palafini.

Botolo limene palibe munthu analitsegulapo chichokele kwao.

A Chibwe anatseka maso akununkhiza, ngati ali m'pemphelo. Ndinafunsa ngati lawonongeka. Anati, "Lawonongeka? Mayo, kwao fungo limeneli amalidikila zaka. Mtundu uwu wa mphesa ukakalamba m'botolo umatele, ndipo kutentha kwathu kuno kwaufulumizitsa. Ali wamng'ono amanunkhila maapozi aawisi ndi ndimu. Akakula, uchi ndi palafini."

Anafotokoza zambili, ndilemba zimene ndagwila. Mphesazi zimamela pa mapili otsetseleka m'mbali mwa mtsinje, pa miyala yakuda yophwanyika, malo oti mbuzi ingaganize kawili. Dziko lozizila, dzuwa lochepa. Chipatso chimapsa mochedwa ndipo kuwawasa sikuchoka, ndiye vinyo wake amakhala wopepuka, wakuthwa, wosaledzeletsa msanga. Ati kukoma kwake ndi kumeneko.

Anandikakamiza kulawa wozizila, osameza msanga. Ndilembe chilungamo: wozizila asiyana ndi wa Lachisanu. Poyamba ndimu, yobaya m'mbali mwa lilime, malovu tho. Kenako kakuzuna kakang'ono, kakutali, ngati uchi umene wapita ndi mnzako. Pomaliza mwala. Ngati wanyambita mwala wonolela mpeni mvula itagwa. Anafunsa kuti bwanji. Ndinati ngati kunyambita mwala ndiko kukoma, Ajelemani ndi anthu ovutika.

Kenako kabotolo ka mankhwala. Anayang'ana padzuwa, nalawa, nagwedeza mutu. "Masiku anayi ali potsegula, watopa. Koma madzi mulibe." Ndinati nanga mtundu? Anati mtundu umachokela ku khungu la mphesa, ndipo mphesa za kozizila zili ndi khungu lopyapyala, sizida. Wofiila wa kumeneko amaonekela pansi pa kapu, amawawasa ngati tizipatso ta m'thengo, amanunkha nthaka ndi masamba onyowa. "Wanu uja wakuda amachokela kotentha, ndipo amamuonjezela shuga ndi mowa waukali kuti asasase. Uja amalankhula mokuwa ngati wa Chipani pa msonkhano. Uyu amanong'ona."

Anafunsa kuti lotsalalo lili kuti. Ndinati a Daka anathilila mango. Anagwila mutu ndi manja onse. "Awe mwandini! Anthu odya mbewa kuwapatsa chinthu chotele!"

Anadzipeleka kudzachitila umboni. Ndakana. Mkatolika, Mbemba, wakumwa: a Daka angamtafune asanakhale pansi. Ndabweleka kachitsulo kokha. Botolo ndamsiyila, anachita kundipelekeza mpaka pa siteshoni.

Pokwela basi anati, "Ndiye mukawauze kuti munalakwa." Ndinati zaka 31 ndinaphunzitsa, chimene ndachonga sindinachifufutepo. Anati, "Lombe ali ndi labala, akubwelekeni."

Oyela otseka: 5. Ofiila: 4.

Lachitatu, 30 Malichi

Ndawelenganso zimene ndinalemba Lachisanu. "Theka ndi theka, mwina kuposa." Ndinayeza ndi chiyani? Lula inali m'chikwama. Sindinadye.

Lachinayi, 31 Malichi

Ndinapeza a Daka kudimba kwao akuthilila lepu. Ndinawauza zonse, za pepala, za lula, za 35, za a Chibwe. Sanaleke kuthilila. Zitini 9 ndili chiimile.

Anati, "Amai Njobvu, nkhani yatha kale iyi. Munthu ndi chidakwa, Nyimba yonse idziwa."
Ndinati anali.
"Fisi akakalamba sasanduka mbuzi." Kenako anatula chitini. "Mawu aja munanena pamaso pa mboni, ali m'buku. Mukawabweza, mboni yonama ndinu. Malamulo mumawadziwa kuposa ine. Pa msinkhu wanu, benchi la kumbuyo?"

Pobwelela ndinakumana ndi akazi a Sakala, amene sasunga kanthu m'kamwa. Ati kanyumba ka mpingo a Daka analonjeza kale mphwao, wongokwatila kumene uja, ndipo mphwayo wakayeza kale mazenela.

Tsono ndimadabwa kuti anakhuthulilanji botolo lija msanga chotele. Vinyo uja ndi wonyansa, koma lelo ndaona chomposa.

Lachisanu Loyela, 1 Epulo

Titatuluka m'mapemphelo ndinafika mpaka pa mpanda wa kanyumba. A Keziah anali kulonga miphika m'masaka. Masaka 3, mtolo wa mphasa 1. Anandiona. Sindinalowe.

Loweluka, 2 Epulo

Bwalo linakhala 9 koloko: abusa ndi akulu ampingo 6. W. anauzidwa adikile panja pansi pa mango, pamene panathilidwa vinyo paja.

A Sakala anawelenga mawu anga a Lachisanu. Kumva mawu ako m'kamwa mwa wina, ngati kuvala zovala zonyowa. Abusa anafunsa ngati ndili ndi choonjezela. Ndinati ndili nacho. Ndinayala pa thebulo mabotolo 9 otseka, lula, pepala, mbale ya madzi, machesi ndi kachitsulo ka a Chibwe.

A Daka anati, "Tabwela ku mlandu kapena ku sukulu?"
Ndinati, "Sankhani loyela limodzi, a Daka, limene mukhulupilila kuti silinakhudzidwe."

Anazengeleza, koma abusa anawakodola. Anasankha la pakati. Linayenda m'manja mwa onse 7, aliyense anapapasa mtovu, navomela kuti ndi wathunthu. Ndinawapatsa kachitsulo kuti atsegule okha. Anapotela mokhota, thukuta kamukamu, koma chinatuluka. Ndinati abwezelemo. Analephela, a Sakala analephela, abusa anayesa ndi chigongono nalephela.

Kapu inazungulila. Mphuno 7, nkhope 7 zokwinyika. A Sakala anati, "Palafini yemwe uja!" Ndinachita za pepala, za mbale ndi za machesi, ndi kuwauza za chigubu, 18 ndi 18. Ndinafotokoza za dziko lozizila mmene ndinamvela. A Sakala anaika cholembela pansi. "Ndiye mukuti azungu amamwa dala chimenechi? Ali ndi ndalama zao, osakakamizidwa?" Ena anaseka. A Daka ayi.

Anati, "Loyela tamva. Koma mawu a amai ali m'buku ndi a lofiila, akuti munali madzi. Ofiila atsala 4 okha, okwanila mailo ndendende. Sitingatsegule. Ndiye mawu aja akhala."

Anadziwa pondigwila. Zaka 19 sindinapelewelepo kachikho ngakhale kamodzi. Ndinayang'ana mabotolo anayiwo, ndinawelenga m'mutu. Pazenela ndinali kuona chipewa cha W.

Ndinati, "Sankhani."

Anasankha lakumapeto. Mtovu wathunthu, chitsekelo chathunthu. Ndinathila mu kapu yoyela yomwe ija ndi kuiika pakati pa thebulo. Duwa la pansi linaoneka lonse, masamba 6. Ndinathila tizikho 7 mpaka pa mzele. Anamwa. Mkulu wina wa ku Kacholola anathamangila pazenela. Abusa anameza mwaulemu, misozi ili m'maso, nati, "Ndithu, chikho chowawa."

Kenako anandiyang'ana. "Amai, tsono Lachisanu lija munati chiyani?"

Ndinaimilila. Ndinati, "Ndinati a Whiteson Njobvu anamwa vinyo nathilamo madzi. Sindinaone, sindinayeze, sindinawafunse. Ndinanamizila mlamu wanga. A Sakala, lembani chomwecho, musakometse."

Abusa anati kumeneku ndi kulakwitsa chabe, osati bodza. A Daka anati lamulo ndi lamulo, mboni ndi mboni. Kwa nthawi yoyamba sabata ino ndinagwilizana nawo. Anakambilana mphindi 25. Anandipatsa miyezi itatu kunja kwa gome. Kuthila tizikho ndipitiliza, poti palibe wina wodziwa muyeso.

Anaitana W. Abusa anawauza kuti alibe mlandu, nyumba ndi ntchito ndi zao. Anayang'ana kapu ija, anayang'ana ine, nati, "Zikomo abusa," natuluka. Makiyi ndinaiwala kupeleka. Ine, kuiwala.

184 kuchotsa 7 olawa = 177. Odya mailo: 184 kuchotsa ine = 183. Topelewela 6.

Lamulungu la Isitala, 3 Epulo

Ndinathila kuyambila 6 koloko m'mawa, kachikho kalikonse pansi pa mzele pang'ono, mwa utali wa njele ya mpunga chogona. Dzanja linakana kangapo. Tinakwana 183, m'botolo lomaliza munatsala madontho.

Ndinakhala pa benchi la kumbuyo. Lili ndi msomali wotuluka kumanzele, palibe anandiuzapo. Kuchokela pamenepo munthu umaona tchalitchi chonse. Thileyi ikamapita, mapewa anali kunjenjemela mzele ndi mzele ngati mphepo m'munda wa mapila. Otsokomola 41. Gogo wina anati mokweza, "Lumanda uja analiko bwino." W. anamwa pa mzele wachitatu, anagwedeza mutu ngati galu wotuluka m'madzi.

Nditatsuka tizikho, anabwela pakhomo la kachipinda. Ndinatulutsa makiyi. Sanawaike m'thumba. Anawayala pa dzanja, nawelenga mokweza, pang'onopang'ono, akundiyang'ana, monga ndawachitila ine Lamulungu lililonse zaka zonsezi.

"Imodzi. Awili. Atatu. Anayi. Asanu."

Anabweleza kachiwili. Ndinadikila.

"Akwana, alamu." Atafika pa sitepe anatembenuka. "Mukanandifunsa ine. Munthu wodziwa mowa sangabe chinthu chija."

A Keziah sanandipatse moni. Masaka ndinaona akuwabwezela m'nyumba, onse 3.

Mabotolo anabwela: 12
Ofiila: wothilila mango 1, omwedwa 4, otsala 0
Oyela: otsegulidwa 3, otsala 4 (a Chibwe atumiza kale mawu kawili)
Odya Mgonelo: m'tchalitchi 179, odwala opelekeledwa kunyumba 4, onse 183
Tizikho tobwelela m'kabati: 197
Palafini: masentimita 18
Madzi opezeka m'vinyo: 0
Mboni zonama: 1
Masabata otsala pa benchi la msomali: 12

Ennie Nyendwa Njobvu